Sitima ya Katundu Siima Ngati Njinga

Olemekezeka a Wapampando wa bodi ya Koleji ya Zaluso ya Tiwonge, Bambo Rodney Munthali. Olemekezeka a Pulinsipolo, Mayi Winifred Chavula. Abusa athu amene mwatitsegulira ndi pemphero. Akuluakulu ochokera ku khonsolo ya mzinda. Alendo amene mwachokera kumwera kumene kuli njanji. Aphunzitsi, makolo, atolankhani ndi makamera anu. Ndi inu ana asukulu amene mwakhala padzuwa kumbuyoko chifukwa tenti yachepa: monire mose.

Yewo. Khalani pansi. Inenso ndikanakonda kukhala, koma akuti mlendo wolemekezeka amalankhula ataimirira.

Dzina mwalimva kale, ndine Foster Longwe. Kwathu ndi ku Nkhata Bay, koma ndimakhala ku Masasa kuno. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndiye amene mukudikira Chingerezi chachikulu, pepani, mudikira mpaka mawa. Ndinapita kumwera ndili mnyamata, ndinayamba ndi kupukuta injini, ndinathera pampando wa dalaivala wa sitima za katundu, mpaka maso ndi msana zinati basi. N'chifukwa chake mwandiitana kuti ndidzatsegule makina awa mukuti simuleta, chipinda chokhala ndi mpando, zogwirira ndi sikirini, choti mwana aphunziremo kuyendetsa sitima asanakwere yeniyeni.

Ndithokoze kaye, poti ndi mwambo, komanso poti ena ndi oyeneradi kuthokozedwa. Amene munapereka chuma kuti nyumba iyi imangidwe pano pa Katawa, tawonga chomene. Amisiri amene munaimanga m'mvula ya Mzuzu yosadziwa kuleka, tawonga. Makolo amene mumagulitsa tomato, kaunjika ndi usipa kuti ana awa akhale pano, inu ndiye ndikukuvulirani chipewa.

M'mawa uno mayi a kunyumba, a Eness, akundikonza kolala anati, “A Longwe, mupite, mukadule riboni, mukadye mpunga wawo, mubwere. Pakamwa panupo musiye konkuno.” Ndinati chabwino. Koma pakamwa pakana kutsala.

Ndakwiya. Ndinena msanga chifukwa chake kuti musavutike n'kuganiza. Makina amene mwandiitanira kudzatsegulawa, mabuleki ake ndi abodza. Anali enieni, sabata yatha wina wawasintha. Ndipo mwana wamkazi amene anawapanga enieniwo, injiniya Tamara Kayira, mwamuimitsa ntchito chifukwa anakana kuwasintha. Uyo waima kunja kwa mpanda, pafupi ndi amayi ogulitsa nthochi. Tsono ine riboni iyi sindidula mabuleki ali choncho, iye ali kunjako.

A woyendetsa mwambo, musandiyandikire. Maikolofoni iyi munandipatsa nokha.

Mundilole ndifotokoze, kuti musati nkhalamba yadzuka ndi matsire. Ambiri a inu sitima ya pamtunda simunaionepo. Si kunyoza ayi, kuno ku Mzuzu kulibe njanji. Ife a ku Nkhata Bay sitima timadziwa ya pamadzi. Zimene mumadziwa nonsenu ndi minibasi ndi njinga za kabaza zija timati sakaramento. Ukaponda buleki ya minibasi, matayala onse amagwira nthawi imodzi, kondakitala n'kumenya mutu pachitseko, nkhani yatha.

Sitima ya katundu siitero. Mabuleki ake amayendera mpweya. Pali paipi imodzi yochokera ku injini, yodutsa pansi pa mabogi onse mpaka yomaliza. Dalaivala akakoka chogwirira amatulutsa mpweya m'paipimo, ndipo bogi iliyonse ikamva kuti mpweya wachepa, imamanga mabuleki ake. Yoyamba imamva msanga. Yachiwiri pambuyo pake. Yakumapeto, imene ili kutali ngati kuchokera pano kukafika kumsika, imamva mochedwa, ili mkati mothamanga. Zili ngati uthenga wa maliro: apafupi ayamba kale kulira, akutali akadali kumowa. Ndiye kutsogolo kukufuna kuima, kumbuyo kukubwerabe ndi simenti yake yonse, n'kudzakugunda kumsana, gu! gu! gu!

Si zokhazo. Ukamasula mabuleki, timathanki ta mpweya ta pansi pa mabogi timafuna nthawi kuti tidzadzenso. Ukamanga, kumasula, kumanga, kumasula, ngati wa lole akupopa buleki, udzakoka chogwirira n'kupeza mulibe kanthu. Nthawi imeneyo uli pamtsetse. Onjezanipo mvula yonyowetsa njanji, onjezanipo zitsulo za mabuleki zitatentha mpaka kununkha. Sitima ya katundu umayamba kuiimitsa siteshoni usanaione n'komwe. Ntchito yonse ya dalaivala ndi imeneyo. Kuthamangitsa ngakhale nyani angathe.

Zonsezi Tamara anaziika m'makinamu. Anabwera kwanga ku Masasa chaka chatha atanyamula kakompyuta. Ine ndinamuyesa wa inshuwalansi, ndinamuuza ali pakhomo kuti sindigula. Anaseka, anakhala pakhonde, anandifunsa mafunso mpaka tiyi anazizira. Anabweranso, n'kubweranso. Kenaka anapita kumwera, anakakwera kumutu kwa sitima ndi madalaivala a masiku ano, akuyeza, akulemba, akubwera ndi nsabwe za m'maloji. Masamu amene anachita mwana ameneyu ine sindingawatchule n'komwe.

Atamaliza anandikhazika pampandopo. Ndinayendetsa. Ndinapitirira siteshoni.

Inde, sekani. Ine, Longwe, ndinapitirira siteshoni.

Ndinati, “NyaKayira, makina akowa ndi openga.”

Iye anati, “Adada, makina ali bwinobwino. Inu mukuyendetsa sitima ya m'mutu mwanu, yaifupi ija ya kale. Iyi ndi yaitali kawiri, ndipo njanji ndainyowetsa.”

Ndinati, “Iwe unabadwa liti kuti undiphunzitse sitima?”

Anati, “Mochedwa, adada. Koma siteshoni ndi iyo kumbuyo kwanu.”

Ndinachoka osatsanzika. Ndili kunyumba ndinaimbira mnzanga amene akuyendetsabe zazitalizo, ndinamufotokozera zonse. Anati, “Foster, mtsikanayo akunena zoona, kapepese.” Ndinabwerera ndi phava la nthochi. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti makina awa sanyengerera munthu, ndipo ndinawakonda chifukwa cha chimenecho.

Tsono sabata yatha a bodi anabwera kudzaona ntchito. A Wapampando athu anakhala pampando kuti ayese. Ndamva kuti anayendetsa bwino ndithu pachidikha. Pofika pamtsetse anachita zimene aliyense wodziwa galimoto amachita: kumanga, kumasula, kumanga, kumasula. Sitima inadutsa siteshoni ngati ilibe abale pamenepo, n'kukagwa pakona. Sikirini inafiira. Ana ena anaseka.

Palibe chamanyazi pamenepo, a Munthali. Makina anagwira ntchito yake, inunso munagwira yanu, munaphunzira. Chamanyazi ndi chimene chinatsatira inu mutakwera galimoto.

Tili ndi mwambo m'dziko muno, nonse mukuudziwa. Mlendo wolemekezeka akabwera kudzatsegula mpikisano wa mpira, timamuikira mpira papenate. Amaumenya ndi nsapato ya ku ofesi, mpira n'kumayenda ngati nkhono, goloboyi n'kudzigwetsera kumanzere mpira ukupita kumanja. Tonse m'manja, amayi nthungululu. Akabwera kudzatsegula mjigo, timayamba tapopa m'mawa kuti bwana akangogwira madzi atuluke. Ine sindidana nazo zimenezo. Ndi ulemu, ndipo palibe amafa.

Ndiye anthu a pakoleji pano anakhala pansi n'kunena kuti, tsiku lotsegulira kudzakhala makamera, bwana sangagwenso pakona. Anamuitana Tamara kuti afewetse mabuleki, sitima iziima pamene munthu wafuna. Iye anati, “Ngati nkhani ndi ya alendo, ndiwaikira sitima yaifupi, yopanda katundu, pachidikha, dzuwa likuwala. Aima bwinobwino, ndipo sipakhala bodza.” Anamuyankha kuti ayi, bwana anagwa pamtsetse ndi simenti, akuyenera kukaima pamtsetse pomwepo ndi simenti yomweyo, anthu aone. Tamara anakana. Anati ndi wamwano, akapume kunyumba. Anapeza mphunzitsi wina woti asinthe. Dzina lake sinditchula, ali ndi ana, ndipo anauzidwa.

Mwasandutsa sitima kukhala goloboyi.

Ndipo sizinathere pa alendo. Sabata yonseyi ana awa akhala akuphunzira pa mabuleki ofewawo. Ndamva kuti malikisi akwera chomene. Ndamvanso kuti wina anati, bwanji tingowasiya choncho, makolo amakonda koleji imene ana amakhoza.

Ine ndinazidziwa bwanji? Dzulo masana anandiitana kuti ndidzayeserere, poti pulogalamu ikuti mlendo wolemekezeka ndiye ayambe kuyendetsa. Nditangokoka chogwirira koyamba, msana wanga unadikira kugundidwa, osagundidwa. Mabogi onse anagwira pamodzi ngati asilikali. Ndinati, apa pali nkhani. Ndiye ndinayamba kulakwitsa dala. Ndinalowa pamtsetse mothamanga. Ndinapopa buleki ngati wamisala. Ndinadikira mpaka ndikuona nkhope za anthu a pasiteshoni, ndiye n'kumanga. Sitima inaima, phee, chitseko chikuyang'anana ndi chitseko. Ngati njinga.

Aphunzitsi anaomba m'manja. Wina anati, “Adada, luso mukadali nalo!”

Chibadwire sindinatukwanidwepo choncho.

Ndinafunsa, “NyaKayira ali kuti?” Anati ali patchuthi. Ndinakwera sakaramento mpaka kwawo ku Geisha, ndinamupeza akuchapa. Sanafune kunena, ndinachita kumukoka lilime. Ndipo anandipempha kuti ndisalankhule lero, akuti ziipiraipira. Ndiye mukafuna wom'kwiyira, ndine.

Ndikuuzeni za mnzanga Zondiwe Jere, wa ku Mzimba. Tinkagona nyumba imodzi kumwera, awiri ochokera kumpoto, tikudya mbale imodzi. Asanabwere kunjanji ankayendetsa malole, ndipo anali dalaivala wabwino, wosamwa, wa kwaya. Sitima anaiphunzira bwino, koma mwendo wa lole unali udakali m'dzanja lake. Masiku amenewo kunalibe makina ngati awa. Mtsetse ankakuphunzitsa ndi mtsetse womwewo, ndipo umaphunzitsa kamodzi.

Tsiku lina masana, mvula yoyamba itangogwa, ine ndinaima ndi sitima yanga panjanji yapambali, kudikira kuti iye adutse. Ndinamva huta kumtunda. Huta wa moni ndi waufupi. Uyu sankaleka. Ndinatsika. Anandidutsa apa ndi apo, ngati pamene pali a Pulinsipolopa, ndipo ndinamuona nkhope. Anali ataimirira, dzanja limodzi pa chingwe cha huta, lina likukoka chogwirira chimene munalibe kanthu. Anali atauza kale wothandizira wake kuti adumphe. Iye mwini sanadumphe, chifukwa kumunsi kunali msewu wodutsa panjanji, tsiku la msika, ndipo huta akaleka anthu sachoka. Anthu anachoka. Sitima inakagwa pakona kupitirira msikawo.

Thupi ndinabwera nalo kuno kumpoto pa lole. Titafika, mayi ake sanandifunse kuti wafa bwanji. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Mwana wanga, sitimayo ndi chinthu chotani? Ndi chachikulu ngati tchalitchi?” Sanaionepo. 

Makolo muli apanu, ambiri a inu ndinu mayi ake a Zondiwe. Ana anu adzapita ku Balaka, ku Liwonde, ku Limbe, ena mpaka kutsidya kwa malire, kukakwera chinthu chimene inu simunachione. Mwana wa kumwera amakula akumva mabogi akugundana, thupi lake limadziwa kale kanthu. Wa ku Masasa, wa ku Geisha, wa ku Katawa, sitima yake yoyamba ndi ya m'chipinda ichi. Chimene chipindachi chingamuuze, adzachikhulupirira ngati Baibulo. Mukamuuza kuti simenti imaima ngati njinga, adzapita nazo pamtsetse weniweni. Malo okhawo padziko lapansi amene dalaivala angafe n'kudzuka n'kukamwa tiyi ndi m'chipinda muno, ndipo inu mwachotsamo imfayo kuti zithunzi zituluke bwino!

Ndipatseni madziwo. Yewo.

A Munthali, ine ndimakudziwani. Bambo anu tinkapemphera nawo mpingo umodzi. Dzulo ndinayesa kukuimbirani kuti tikambe kumbali, anati muli kumsonkhano. Ndiye ndikufunsani pano, ndi ulemu wonse. Kodi munalamula ndinu kuti mabuleki asinthidwe?

Akupukusa mutu. Kumbuyoko simukuona: akuti sanadziwe.

Ndikukukhulupirirani, ndipo ndi zimene zikundiwawa koposa. Palibe amene munamutuma. Anthu anangoona nkhope ya bwana yagwa, n'kuthamanga kukakonza dziko kuti isagwenso. Mayi Chavula, musayang'ane pansi, sindikuti ndinu mfiti. Koleji iyi mwaivutikira, ndikudziwa. Munachita zimene tonsefe tinaleredwa nazo, kuti wamkulu sachititsidwa manyazi pagulu. Inenso lero ndikuswa mwambo womwewo, ndipo mtima sukundikomera. Koma ulemu umenewu, mayi, ukafika kunjanji umanyamulidwa pa lole.

Tsono nkhani ili m'manja mwanu, a Wapampando. Ine ndili ndi sizasi chabe, mphamvu muli nazo ndinu. Mabuleki enieni abwerere, ndipo wowadziwa abwerere pantchito yake. Mukati ayi, sizasi nayi, mudule nokha, ine ndikwere njinga ndizipita. Sindikuopsezani, ndatopa chabe.

Akwaya, musayambe nyimbo. Abusa, pemphero mwapemphera kale. Ndidikira. Ndinadikirapo sitima inzanga tsiku lonse pakati pa tchire, kudikira sikundiopsa.

Eya, a Munthali, imirirani. Nayi maikolofoni, mulankhule nokha.

Yewo chomene, a Munthali. Bweretsani. Kumbuyoko mwamva? Akuti iwo anagwa pakona chifukwa sadziwa kuyendetsa sitima, ndipo sachita nazo manyazi. Akuti mabuleki abwezeredwe lero lomwe, ndipo NyaKayira alowe, ntchito ndi yake. A Pulinsipolo avomera. Apa ndiye mutha kuomba m'manja, izi ndi zenizeni.

A mlonda, tsegulani getiyo. Mukuyang'ana chiyani, mukufuna kalata?

Bwera, mwana wanga. Dutsa pakati pomwepo, usazungulire kumbuyo ngati wakuba. Usalire, anthu akujambula. Tandiuza, zitenga nthawi yaitali kubwezera?

Akuti ayi. Akuti mphunzitsi anawasintha uja sanafufute zenizenizo, anangoziphimba. Mwaona, nayenso mtima unamukana. Lowa, ife tikudikira pano.

Pamene akukonza, ndilankhule ndi inu ana asukulu. Malikisi a sabata ino muiwale. Musang'ung'udze. Iwe wa tayi wofiira, ndakuona, akuti unakhoza kuposa onse. Sunakhoze kanthu, unakwera njinga. Lolemba muyambiranso, ndipo mugwa. Mugwa Lolemba, mugwa Lachiwiri, ena mugwa mpaka mwezi utha, mudzamuda NyaKayira, mudzati ndi wankhanza. Mudeni. Tsiku lina dzanja lanu lidzayamba kumanga lokha siteshoni isanaoneke, lidzakana kumasula mtima ukuti masula, ndipo simudzadziwa kuti munaphunzira liti.

Ndi inu makolo, mwana akabwera kunyumba n'kunena kuti lero ndagwetsa sitima, musathamangire kuno kudzakalipira aphunzitsi kuti fizi yanu ikupita pachabe. Fizi yanu ikugula kugwa kumeneko. Mudzaope tsiku limene adzakuuzeni kuti kalasi yonse yakhoza ulendo woyamba.

Alendo ochokera kumwera, amene mudzalembe ana awa ntchito, mwaona zonse ndi maso anu. Musanyoze koleji iyi chifukwa cha lero. Mwaona koleji imene yalakwitsa n'kukonza pamaso pa anthu. Si zambiri zotere.

Uyo watuluka, akukweza dzanja. Watha? Zonse? Mpweya, kulemera, mvula?

Akuti zonse.

Chabwino. Pulogalamu ikuti woyamba kuyendetsa ndine, ndiye ndiyendetsa. NyaKayira, undiikire mabogi onse, simenti yodzadza, mtsetse womwewo, ndipo njanji uinyowetse. Manja awa akunjenjemera masiku ano, maso akuona utsi. Mwina ndiima, mwina sindiima, sindikudziwa, ndipo m'bwalo lonse lino palibe akudziwa. Atolankhani, mujambule chimene chichitikecho. Ana asukulu, bwerani kutsogolo, muime kumbuyo kwa mpando wanga, akuluakulu akupatsani malo. Muyang'ane dzanja langa, osati sikirini. Ndikagwa, wina andiuze pamene ndalakwitsa.

Bweretsani sizasiyo.

Olemekezeka a Wapampando, a Pulinsipolo, abusa, akuluakulu nonse, makolo ndi ana: ndi mphamvu imene mwandibwereka lero, ine Foster Longwe ndikulengeza kuti chipinda chophunziriramo kuyendetsa sitima cha Koleji ya Zaluso ya Tiwonge, ndi mabuleki ake enieni, chatsegulidwa.

Tiyeni tilowe. Yewo chomene, zikomo kwambiri.